Injini yaikulu m'galimoto yapakatikati: mmene Pontiac GTO inakopera anthu

Msewu wa Woodward Avenue umachokera pakati pa mzinda wa Detroit n'kukafika kutauni ya Pontiac, m'chigawo cha Michigan ku America. Ndi msewu wotakasuka, wowongoka, wokhala ndi maloboti pafupipafupi. M'zaka za m'ma 1960, dzuwa likangolowa, achinyamata ankaudzaza ndi magalimoto, kumangozungulira kuchoka pamalo odyera ena kupita pa ena. Awiri akaima limodzi pa getsi lofiira ankangoyang'anizana, wina n'kuliza injini kawiri. Getsi likasintha, mlandu unkakathera pamaloboti otsatira.

Magalimoto amene Amereka amawatcha muscle car anapangidwira mtunda waufupi umenewo. Kapangidwe kake n'kosavuta kufotokoza: thupi la galimoto yapakatikati ya zitseko ziwiri, injini ya masilinda 8 yochokera m'galimoto yaikulu, mphamvu yopita kumatayala akumbuyo, ndi mtengo woti mnyamata wolandira malipiro a pafakitale angaufikire. Akatswiri amatsutsanabe za galimoto imene inayamba, koma imene inatsegula msika ndi Pontiac GTO ya 1964.

Pontiac inali nthambi ya kampani ya General Motors. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 inkadziwika ngati galimoto ya madala, ndipo atsogoleri ake anaichotsa mbiri imeneyo poilowetsa m'mipikisano. Koma kumayambiriro kwa 1963 General Motors inaletsa nthambi zake zonse kutenga nawo mbali m'mipikisano. Panalinso lamulo la m'kampanimo lakuti galimoto yapakatikati isakhale ndi injini yoposa ma cubic inch 330, omwe ndi malita pafupifupi 5.4. Pontiac inatsala ndi mainjini amphamvu opanda kokawaonetsera.

Njira anaipeza ndi John DeLorean, mkulu wa mainjiniya, pamodzi ndi Bill Collins ndi Russ Gee. Mainjini a Pontiac a masilinda 8, otchedwa V8, anali ndi khalidwe limodzi losowa kwa anzawo: kunja kwake anali ofanana msinkhu, kusiyana kunali m'kati. Choncho injini ya 389, yomwe ndi malita 6.4, inkakhala ndendende pamalo pa injini ya 326 m'galimoto ya Tempest, mabawuti onse n'kulowa popanda kudula kapena kuwotcherera chilichonse. Lamulo lija analilambalala mochenjera. Linkanena za injini imene galimoto imabwera nayo mwachizolowezi, osati za zowonjezera zimene wogula wapempha. Ndiye GTO sanailembe ngati galimoto yatsopano, anailemba ngati chowonjezera pa Tempest LeMans, ndipo mkulu wa Pontiac, Pete Estes, anavomereza. A zamalonda ankayembekezera kugulitsa 5,000 basi. Chaka choyambacho zinagulidwa 32,450, ndipo akuluakulu a kampani, ataona ndalama, nkhani ya lamulo anaiiwala. Dzinalo anachita kubwereka kwa Ferrari 250 GTO ya ku Italy, zomwe zinakwiyitsa okonda magalimoto a ku Ulaya. Achinyamata a ku America analibe nazo ntchito, anangoipatsa dzina lawo lakuti Goat, kutanthauza mbuzi.

Chowonjezeracho chinkagulidwa pafupifupi madola 296, ndipo galimoto yonse inkafika cha m'madola 3,000. Wogula ankapeza injini ya 389 ya horsepower 325 yokhala ndi kabureta ya Carter ya mabowo anayi, mapaipi awiri a ekizozi, magiya atatu osinthira pansi ndi ndodo ya Hurst, masipuling'i olimbirapo, chitsulo chokhuthala choletsa galimoto kupendekeka pokhota, ndi matayala a 7.50 x 14 okhala ndi kamzere kofiira m'mbali. Pa boneti panali timphuno tiwiri tooneka ngati tokokera mpweya, koma tinali tongokongoletsa. Wowonjezera ndalama ankapeza magiya anayi, difu ya Safe-T-Track yogwiritsa matayala onse awiri akumbuyo, ndi makabureta atatu otchedwa Tri-Power omwe ankakweza mphamvu kufika 348.

Chimene chinkagwira mtima

Anthu amakonda kutchula horsepower, koma chimene chinkakola munthu pa ulendo woyamba ndi torque, mphamvu yopotokola imene injini imapereka kumatayala. Injini ya 389 inkatulutsa ma newton mita pafupifupi 580, ndipo inkatero isanathamange kwambiri, m'galimoto yolemera makilogalamu pafupifupi 1,600. Kagalimoto ka injini yaing'ono kamafuna uikweze kaye mpaka ikuwe kuti mphamvu ibwere. Iyi ayi. Kungoponda pang'ono uli m'giya yachiwiri, mphuno ya galimoto inkadzuka, msana n'kumatirira kumpando, matayala akumbuyo n'kuyamba kulira. Sizinkafuna luso la woyendetsa wa mpikisano kapena msewu wapadera. Wokhala pampando wa m'mbali ankaimva mofanana ndi woyendetsa, n'chifukwa chake ambiri mwa amene anaikonda anaikondera m'galimoto ya mchimwene, ya malume kapena ya mnzawo wa kusukulu, iwo asanakhale n'chiphaso choyendetsera.

Chachiwiri ndi kaliridwe. V8 ya ku America silira mosalala, imachita ngati ikuguguda, ndipo chifukwa chake chili m'ndondomeko ya kuphulika kwa masilinda. Pa Pontiac ndondomekoyi ndi 1-8-4-3-6-5-7-2. Masilinda 1, 3, 5, 7 ali kumanzere, 2, 4, 6, 8 ali kumanja. Mukaitsatira muona kuti mbali sizisinthana mwadongosolo: 8 ndi 4 zimaphulika motsatizana kumanja, 5 ndi 7 motsatizana kumanzere. Paipi iliyonse ya ekizozi imalandira utsi mwamphindimphindi zosafanana, ndipo kusafananako ndiko kugunda kumene munthu amakumva m'chifuwa galimoto ili chiimire.

Tri-Power inali ndi zakezake. Makabureta atatu a Rochester, iliyonse ya mabowo awiri, ankandandalikidwa pamzere pamwamba pa injini. Poyenda wamba imagwira ntchito ndi yapakati yokha. Mukaponda kupitirira pafupifupi magawo awiri mwa atatu, zakumapeto ziwiri zimatseguka, injini n'kukoka mpweya ndi mkokomo wakuya, galimoto n'kudumpha ngati mwaikankha kumbuyo. Pa zoyambirira, zakumapetozo zinkatsegulidwa ndi mphamvu yokoka mpweya ya injini, ndipo zinkatseguka mwadzidzidzi, nthawi zina n'kuchedwa kutseka munthu atachotsa phazi. Ambiri ankachotsa zimenezi n'kuika timikono tachitsulo tolumikiza makabureta onse ku phazi. Kutsegula boneti pamalo odyera kuti anthu aone tizisoti titatu tonyezimira tosefa mpweya kunali mbali ya mwambo.

Nthawi nayo inagwirizana nayo. Ana ochuluka amene anabadwa itangotha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira 1946, ankakwanitsa zaka 18 mu 1964. Ntchito za m'mafakitale zinalipo, ngongole yogulira galimoto inali yosavuta, ndipo petulo ankagulidwa pafupifupi masenti 30 pa galoni ya malita 3.8. Galimoto yomwa mafuta ngati ngamila sinkaopsa munthu.

Koma chimene chinasandutsa chidwi kukhala chikondi chokhalitsa, m'kuona kwa ambiri odziwa magalimotowa, n'chakuti mwini wake ankatha kuikonza yekha pakhomo. Munalibe kompyuta. Ndi masipanala, sikuludiraiva, timapepala tachitsulo toyezera mpata ndi tochi ya taimingi, mnyamata ankasintha khalidwe la injini Loweruka masana. Mapointi a mu distributor ankawatchera kuti dwell, nthawi imene amakhala otseka, ikhale madigiri 30, mpata wa mapulagi mainchesi 0.035, taimingi pafupifupi madigiri 6 pisitoni isanafike pamwamba. Akaikankhira patsogolo pang'ono, akasintha majeti a kabureta, usiku womwewo ankakayesa pamsewu n'kumva yekha ngati wachita bwino kapena walakwitsa. Galimoto imene waidetsera manja siifanana ndi imene wangoigula.

Malonda ndi kabodza kake

Wina amene sitingamusiye ndi Jim Wangers, wa kukampani yotsatsa malonda a Pontiac, yemwenso anali wothamangitsa magalimoto. Ankagwirizana ndi Royal Pontiac, ogulitsa magalimoto a ku Royal Oak, kufupi ndi Woodward Avenue, omwe ankachuna mainjini mwa njira yotchedwa Royal Bobcat: gasiketi yopyapyala ya pamutu wa injini kuti kupanikiza kwa mpweya m'masilinda kukwere, majeti akuluakulu, ndi distributor yosinthidwa. Mu March 1964 magazini ya Car and Driver inaika GTO ya Pontiac ndi ya Ferrari pachikuto chimodzi, n'kulemba kuti ya Pontiac inafika mamailosi 60 pa ola, pafupifupi makilomita 97, m'masekondi 4.6. Nambalayi inadabwitsa dziko lonse. Patapita zaka zambiri Wangers anaulula kuti galimoto imene inayesedwa liwiroyo inali ndi injini ya 421, osati 389. Kufanana kwa kunja kuja kunagwiranso ntchito, palibe anazindikira. GTO yogula m'sitolo sinkafika pamenepo, koma mbiri inali itapita kale. Mu 1964 momwemo nyimbo ya gulu la Ronny and the Daytonas yotamanda galimotoyi inafika pa nambala 4 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, ndipo ana osafika msinkhu woyendetsa ankaimba za makabureta atatu ndi magiya anayi asanazione n'komwe.

Mu 1965 zinagulidwa 75,352. Mu 1966 GTO inakhala galimoto payokha ndipo zinagulidwa 96,946, chiwerengero chimene sichinapitiriridwenso. Ena onse anatsatira: Oldsmobile 442, Buick Gran Sport, Chevrolet Chevelle SS 396, kenako Plymouth Road Runner ya 1968 yomwe inabwera yotchipa, yopanda zokongoletsa, n'kulanda achinyamata ambiri. Pontiac inayankha mu 1969 ndi mtundu wina wa GTO wotchedwa The Judge. Nzeru yomweyi inafikanso kum'mwera kwa Africa, pamene Basil Green wa ku Johannesburg anaika V8 ya Ford ya malita 5 m'galimoto ya Ford Capri n'kupanga Capri Perana.

Kutha kwake kunali kwachangu. Makampani a inshuwalansi anayamba kulipiritsa kwambiri mnyamata woyendetsa galimoto yotere. Lamulo la Clean Air Act la 1970 linakhwimitsa za utsi, ndipo mu 1971 General Motors inatsitsa kupanikiza m'mainjini ake kuti azitha kumwa petulo wopanda mtovu. Vuto la mafuta la mu October 1973 linamalizitsa. GTO ya 1974 inali chowonjezera chabe pa kagalimoto ka Ventura. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 magalimotowa ankagulitsidwa motchipa ngati zakale zomwa mafuta, ndipo pamenepo ndi pamene m'badwo wachiwiri unawapeza. Amene anawasirira ali ana atakula n'kupeza ndalama, mitengo inakwera, ndipo msika wa lero unabadwa.

Yeniyeni kapena yovekedwa

Popeza GTO inali LeMans yowonjezeredwa, n'zosavuta kugula LeMans, kuimata zizindikiro ndi boneti, n'kuigulitsa pamtengo wa GTO. Pa za 1966 mpaka 1971 nambala ya galimoto imathandiza, chifukwa ya GTO imayamba ndi 242. Onaninso ma rivet ogwira kachitsulo ka nambalako ngati sanachotsedwepo. Pa za 1964 ndi 1965 nambalayo sinena kanthu, imangosonyeza LeMans. Umboni wodalirika ndi mapepala a kufakitale amene bungwe la Pontiac Historic Services limapereka mukalitumizira nambala ya galimoto. Amaonetsa zimene galimotoyo inatuluka nazo. Injini nayo iyesedwe payokha: zilembo zodindidwa kutsogolo kwa buloko kumbali yakumanja, nambala youmbidwa pa buloko, ndi tsiku limene inaumbidwa, lomwe liyenera kukhala lisanafike tsiku lomangidwa galimotoyo. Injini ya Pontiac iliyonse imalowa, ndiye maso okha sangakuuzeni.

Pamene imavutira lero

Mabuleki ndiwo oyamba. GTO ya 1964 ili ndi madiramu a mainchesi 9.5 kumatayala onse, ofanana ndi a Tempest wamba ya masilinda 6. Mukaima mwamphamvu kawiri kapena katatu motsatizana, diramu imatentha n'kufutukuka, mashuzi sagwiranso bwino, phazi limapita pansi galimoto ikupitabe. Choopsa china n'chakuti mpaka 1966 master cylinder, pampu yokankha mafuta a mabuleki, inali ya chipinda chimodzi: paipi imodzi ikaboola, mabuleki onse anayi apita. Ya zipinda ziwiri, komanso madisiki akutsogolo ngati chowonjezera, zinabwera mu 1967. Aliyense wofuna kuiyendetsa pamsewu wa lero ayambe ndi kusintha master cylinder, ndipo zochotsedwazo azisunge m'bokosi chifukwa wogula wam'tsogolo adzazifuna.

Tri-Power ikavuta, kawirikawiri vuto limakhala pa makabureta akumapeto. Alibe choko ndipo alibe njira yodyetsera injini galimoto ili chiimire, choncho timbale tawo tiyenera kutseka mpweya kotheratu. Tikatha m'mphepete kapena tikakhala mopendama, mpweya umalowa mwakuba, injini imalira pamwamba kapena kugwedezeka, ndipo makaniko wosadziwa amataya tsiku lonse akupotokola masikuluwu a yapakati. Poyesa, phimbani kukamwa kwa yakumapeto ndi dzanja injini ikulira: kaliridwe kakasintha, ikuba mpweya. Mukaichotsa, iyang'anitseni kudzuwa, kuwala kusadutse m'mbali mwa timbaleto. Vuto lina limabwera chifukwa chousamala kwambiri. Mwini amene saponda mpaka pansi amasiya petulo akukalamba m'makabureta awiriwo mpaka asanduke phula lotseka majeti.

Tcheni cha taimingi chili ndi msampha wake. Mainjini ambiri a Pontiac a nthawiyo anatuluka ndi giya ya camshaft ya mano okutidwa ndi nayiloni kuti isamachite phokoso. Nayiloniyo ikakalamba imauma n'kusweka. Tcheni chimalumpha dzino, injini n'kufooka kapena kukana kulira, ndipo tizidutswa timagwera mu sampu n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Kusintha giya ndi tcheni kokha n'kusiya ntchito pakati. Sampu itsike, sefa itsukidwe, apo ayi mabering'i adzatsatira.

Za kutentha, anthu amathamangira kugula radiyeta yaikulu pamene vuto lili kumbuyo kwa pampu ya madzi. Pontiac inaika mbale yachitsulo kumbuyo kwa mapiko a pampuyo. Mpata wa pakati pa mapiko ndi mbale ukakula, kapena mbale ikadyedwa ndi dzimbiri, mapiko amangovundula madzi pamalo amodzi m'malo mowakankha. Mpatawo uzikhala waung'ono, mamilimita osapitirira awiri kapena atatu, ndipo umakonzedwa pogogoda mbaleyo pang'onopang'ono mpaka iyandikire mapiko koma osawakhudza. Chovindikira cha fani chisachotsedwe, popeza popanda icho fani sikoka mpweya kudzera mu radiyeta galimoto ikakhala pamzere.

Mafuta a lero si amene injiniyi inapangidwira. Kupanikiza kwake kunali 10.75 kwa 1, kofuna petulo wamtovu wa octane pafupifupi 100. Ndi petulo wamba injini imalira ngati muli timisomali mukaponda pokwera, ndipo kugogoda kumeneko kumaswa malire a maring'i pa pisitoni. Kubweza taimingi kumachepetsa, koma kumadya mphamvu ndi kuwonjezera kutentha. Njira yokhalitsa ndi kutsitsa kupanikiza kufika cha m'ma 9.5 kwa 1 pomanganso injini, ndi mapisitoni okumbika pamwamba kapena mitu ya zipinda zokulirapo, n'kuikanso mipando yolimba ya mavavu a ekizozi. Petulo wosakaniza ndi ethanol, wonga amene amagulitsidwa ku America ngakhalenso kuno ku Malawi, amadya mapaipi akale a labala ndi chikopa cha pampu ya mafuta, komanso amakoka chinyezi m'thanki galimoto ikakhalitsa osayenda.

Oyilo nayenso anasintha. Camshaft ya mainjiniwa imakhuzana mwachindunji ndi ma lifter, tizitsulo tokankha mavavu ta pansi posalala, ndipo pamenepo pamatetezedwa ndi mankhwala a zinc otchedwa ZDDP, omwe anachepetsedwa mu oyilo wa magalimoto amakono. Pamafunika oyilo wokhala ndi zinc wokwanira. Camshaft ikakhala yatsopano, injini ikangolira koyamba isasiyidwe pansi: izizungulira pakati pa maulendo 2,000 ndi 2,500 pa mphindi kwa mphindi 20 mpaka 30, kuti oyilo azimwazikira pa camshaft ndipo ma lifter azizungulira. Kulakwitsa apa kumatha nsonga ya camshaft tsiku lomwelo. Kudontha kwa oyilo kumbuyo kwa injini nthawi zambiri ndi sili yachingwe ya crankshaft yomwe yauma. Mawaya a mapulagi 5 ndi 7 asayendere limodzi mtunda wautali, chifukwa masilindawa amaphulika motsatizana ndipo moto ungadumphire kwa mnzake nthawi isanakwane.

Chodula kuposa zonsezi ndi dzimbiri. Injini yakufa imamangidwanso ndi zipangizo zogula, koma thupi lowola limadya miyezi ya wowotcherera. Kumpoto kwa America amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndiye galimoto yochokera kumeneko imafuna kuiona mosamala kuposa ya ku Arizona kapena California. Madzi amakhazikika m'ngalande ya galasi lakumbuyo, n'kuboola, n'kutsikira mu buti mpaka pansi pake pawole. Onani pamenepo, m'munsi mwa mapiko kumbuyo kwa matayala, pansi pa galasi lakutsogolo, pansi pa mapazi, ndi pa chasisi pamene pakhala malabala onyamula thupi. Denga lokutidwa ndi vinilo likaoneka ndi timatuza, pansi pake padyeka kale. Tengani kamaginito kofooka kokulunga m'kansalu n'kumayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi mapiko: pamene sikakugwira, pali fila wokhuthala pansi pa penti. Kenako lowani pansi ndi tochi ndi sikuludiraiva, mubaye chasisi kumbuyo kwa matayala akutsogolo ndi pamene chimakwera kudutsa pamwamba pa ekiselo yakumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira n'kubweza dzanja, chowola chimangonyenyeka sikuludiraiva n'kulowa.